Fonio wa a Nthanda

Mwiza atamva mawu a Chipo pakhomo, anafinya kiyi ya kubesimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, m'thumba la juzi mpaka dzanja kuwawa.

Bambo ake, a Nthanda, anali ataikidwa Loweruka, koma m'nyumba yawo ya ku Markham, kudziko lozizira la kutsidya kwa nyanja, munali mukadali anthu a kutchalitchi. Chipo, mtsikana wa ku Chipata amene ankaphunzira za mbewu kwa malemuwo ku yunivesite, anagwada pamaso pa mayi ake a Mwiza.

"Amai, pepani kuvuta. Nabwerera fonio uja wa pansi. Wacha. Tikachedwa azayoyoka, mitundu yonse isakanizike."

Fonio ndi mbewu ya ku West Africa, ya tinjere tochepa kuposa mawere, koma imayoyoka isanakololedwe. A Nthanda anatha zaka akukwatitsa mitundu yake kuti apeze wobereka kwambiri chaka chabwino ndi choipa chomwe. Mitundu imene ankaidalira ankaidzala kunyumba, kubesimenti, m'ndowa, pansi pa magetsi.

"Kiyi yasowa," anatero Mwiza.

"Yasowa bwanji, poti wotseka ndiwe?" anafunsa amalume ake, a Malcolm. "Kapena nayonso yapita kumanda?"

Mwiza anangoyang'ana pansi. Pamaliro abusa anatchula Chipo kuti mwana wa malemu wa kuntchito, anthu n'kuvomera ndi mitu. Malemuwo ali moyo, masana ambiri Mwiza ankakhala pamasitepe a kubesimenti kumvetsera bambo ake akuseka ndi Chipo m'Chichewa chothamanga chimene iye sankachitola. Iye akasuzumira, mawu anali amodzi: "Usakhudze."

"Mwiza," mayi ake analankhula motsitsa, "thukuta lonse la bambo ako lithere pasimenti?"

Anatulutsa kiyi, koma sanampatse Chipo. Anatsegula yekha, n'kutsogola.

Pansipo panali pofunda. Chipo anayamba kugwedeza ngala imodzi imodzi, chikhatho atatchera kunsi. Zambiri zinayoyoka ngati mchenga. Ndowa ya pakona yokha ndi imene sinagwetse kanthu, ngakhale ngala zake zinali zitaweramira pansi ndi kulemera.

"Ndi uyu," ananong'ona Chipo, misozi ikulengeza. "Ba Nthanda sanamuone atacha."

"Usalire ngati anali bambo ako," anatero Mwiza.

"Sanali. Anga ali moyo, kungoti sanifunsako olo kuti nadya."

Mwiza anatenga tsache n'kuyamba kusesa njere zogwazo mwaukali, kulunjika nazo kubini.

"Iwe, osataya," Chipo anamugwira mkono. "Ba Nthanda sanali kutaya. Zolephera anali kuziika m'thumba la jekete, ati za mbalame za pasiteji ya basi. Ati nazonso n'zobwera, zizizidwa monga ise."

Zinamuwawa Mwiza kuti ngakhale zimenezi akuzimvera kwa Chipo. Anasiya tsache n'kukwera. Jekete ya bambo ake ya nthawi yozizira inali pambuyo pa chitseko pomwe anaikoleka tsiku lomaliza. Anapisa dzanja m'thumba. Zala zinatuluka zitamatirira tinjere.

Anaivala, manja a jeketeyo akumulendewera mpaka m'mawondo.

"Ukupita kuti?" anafunsa mayi ake.

"Pasiteji."

Chipo anatulukira pamasitepe atanyamula zosesa zija m'manja onse awiri. Mwiza anamuyang'ana, kenaka anatsegula thumba la jekete kuti athiremo.