Udzudzu wa m'Masipika

A Fyuzi anakhala chigonere pansi pa chiwongolero kuyambira m'mawa, miyendo ili kunja, msana ukuwawa. Takisiyo inali ya mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, ndipo ntchito ya wachibale, mukudziwa inunso, imatopetsa kawiri. Mlamuyo ankafuna ampulifaya m'buti ndi masipika anayi, kuti okwera azimumva akadali kutali.

Zaka makumi atatu akulumikiza mawaya, manja ankadziwa okha njira. Waya wofiira kuchokera ku batire, fyuzi pafupi pomwepo. Wakuda pa chitsulo chopalidwa penti. Kawaya ka buluu kuchokera ku wailesi, kodzutsa ampulifaya. Sipika iliyonse ankaigunditsa kabatire n'kuona ngati ikutukumukira kunja. Zonsezi n'za maso ndi zala. Chimene ankabisa ndi makutu: lakumanzere linafa chaka chatha, lakumanja nalo linali m'njira. Mmisiri wa zoimbira wosamva, ndani angamusiyire galimoto? Ngakhale kwa akazi awo anali asanaulule.

Tsikulo kutopa kunawapusitsa. Mawaya a mawu amafunika kudutsa mbali yawoyawo, kutali ndi waya wa moto, apo ayi injini imalowerera m'nyimbo. Koma kumasula mipando ya mbali inayo, aaa, mawondo anakana. Anangowayala onse pamodzi pansi pa kapeti. Kale akachita chidule chotere ankamvetsera, pakamveka vuto n'kukonza.

Dzuwa litapendeka mlamu anatulukira, akuseka kuti nkhalamba yasandutsa takisi yake chipinda chogona. Analiza injini n'kutsegula wailesi. A Fyuzi anaika chikhatho pa chitseko, namva kugunda kwabwino, n'kunena kuti ntchito yatha.

Mlamu anatsitsa mawu a wailesi, naponda mafuta. Nkhope yake inasintha. Anapondanso.

"Alamu, nanga udzudzu uwu?"

"Uti?"

"Ukulira m'masipikamu. Ndikaponda moto nawo ukukwera."

A Fyuzi anapita ku chitseko chakumbuyo, nagwada movutikira, khutu pa sipika. Kunali zii. Mantha anawagwira, poti mlamuyo pakamwa pake sipakhala chinsinsi, ndipo pofika mawa madalaivala onse akanadziwa. Anakwinya nkhope ngati munthu womvetsera, anadikira pang'ono, kenako anagwedeza mutu.

"Eya, ndaumva. Ndi uwo, ukulirabe."

Mlamu anawayang'ana nthawi yaitali.

"Wailesi ndazimitsa kalekale, alamu."

Mlamu wokonda nthabwala uja sanaseke. Anazimitsanso injini, natsika, n'kudzakhala pa tayala lakutha pafupi nawo. Anayang'ana pansi, nafunsa motsitsa ngati mlongo wake akudziwa. A Fyuzi anangoona milomo ikugwedezeka. Akanatha kuyankha kuti eya, monga ankachitira ndi aliyense, koma anali atatopa, kutopa kwenikweni. Anaika sikuludalaiva pansi, natembenuzira kwa iye khutu lotsalalo.

"Kwezani mawu, alamu. Sindikumva."