Kuphunzitsa Apongozi Kompyuta

Kwathu kwa Nazombe mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake aakazi. Ukawaona akubwera m'njira umapatukira m'chinangwa, ngakhale muli chitedze, ndipo moni umaperekera komweko utanjuta. Ine Cornelius ndinausunga bwino mwambo umenewu chikwatireni Mervis. Nyumba yathu ili pamalo a amayi ake, koma munthu akanandifunsa kuti maso a apongozi ako ndi otani, ndikanangokanda m'mutu.

Apongozi angawo, Mayi Makina, ankagwira ntchito yotayipa pa yunivesite kuyambira Mervis ali kumsana. Ine ndinalowa pa yunivesite yomweyo ngati wophunzira nditakula kale, choko cha ku pulayimale chitanditopetsa. Malowo ndi aakulu, ndiye kupewana sikunkavuta. Iwo anali ndi makonde awo, ine anga.

Chinatisokoneza ndi kompyuta. Chaka chimene makompyuta anafika, akuluakulu analengeza kuti aliyense aphunzire, ogwira ntchito ndi ophunzira omwe. Kwa ife ophunzira chinali chisangalalo chokhachokha. Kwa otayipa inali nkhani ina. Makina akale otayipira ankachotsedwa, ndipo wolephera mayeso a kompyuta mu Januwale ankayenera kukapuma kumudzi nthawi yake isanakwane. Apongozi ankalera adzukulu atatu, ana a malemu mlamu wanga, onse ali pasukulu, onse akuyang'ana dzanja la agogo awo.

Ine zinandilowa msanga, mpaka mphunzitsi wathu anandisankha kuti ndizimuthandiza m'kalasi ya ogwira ntchito. Ndinanyada kwabasi, ndinagula ndi tayi yomwe. Tsiku loyamba ndaima kutsogolo, chitseko chinatseguka pang'ono. Ndinaona nsonga ya nsapato ndi chikwama chakuda chimene ndinkachidziwa bwino. Chitsekocho chinatsekekanso mwakachetechete, ndipo apongozi sanapondemonso m'kalasimo mpaka maphunziro anatha.

Pa tchuthi cha Khirisimasi tonse tinabwerera kumudzi. Ndisanavule n'komwe nsapato, Mervis anali atandiyamba kale.

"Ndiye amayi achotsedwe ntchito chifukwa cha inu?"

"Chifukwa cha ine bwanji? Ndinawathamangitsa?"

"Munaima kutsogolo ngati abusa. Mumafuna akhale pansi azikuyang'anani pakamwa? Muwaphunzitse tsopano."

"Ndiwaphunzitse bwanji munthu amene sindingakhale naye pabenchi imodzi?"

"Pakamwa panu ndikhala ine," anatero Mervis, amene kompyuta anali asanaionepo chibadwire.

Mnzanga Dyson ankagwira ntchito pa kaofesi ka bungwe lina la alimi pa Chiringa. Munali kompyuta imodzi yoyendera jenereta, ndipo anavomera kuti Loweruka masana tizikaigwiritsa ntchito. Tinkapita ngati anthu osadziwana: apongozi ndi Mervis patsogolo, mwana wathu Atikonda ali kumsana kwa mayi ake, ine kumbuyo kutali ndikukankha njinga.

Mu ofesimo tinakonza malo mwaulemu. Apongozi anakhala pa kompyuta, Mervis pambali pawo, ine pampando wapakhomo, nditawafulatira, maso ali kumsewu.

"Uwauze agwire mausi, kanthu kachingweko," ndinatero.

"Akuti mugwire kachingweko," anatero Mervis.

"Ndamva, sindine gonthi," anayankha apongozi, akulankhula kwa Mervis.

"Aziyendetse patebulopo. Aona kamuvi kakuyenda pagalasipo."

"Akuti muyendetse tebulo."

"Mervis, sindinati tebulo!"

Mmenemo ndi mmene sukulu yathu inkayendera. Komabe apongozi anali ndi mutu. Kuyatsa anadziwa tsiku lomwelo, kuzimitsa chimodzimodzi, ndipo kamuvi kaja ankakafikitsa paliponse pamene ndanena. Panavuta pamodzi pokha. Kuti tsamba lolembapo litseguke, pankafunika kudina mausi kawiri mofulumira. Ine pakhomo paja ndinkangomva ndi makutu. Ka. Kenako zii. Kenako ka. Tsamba osatseguka.

"Adine kawiri motsatizana, asapumire pakati."

"Akuti musapume."

Ka. Zii. Ka.

Loweruka linapita, lina n'kupitanso, ife tili pomwepo. Kutayipa kwenikweniko tinali tisanakuyambe n'komwe, chifukwa apongozi anakana kuti Mervis aziwatsegulira. Ankati pamayeso sipadzakhala Mervis. Kunena zoona mtima wanga unayamba kupsa. Ndinkaganiza kuti ndi liuma la anthu akuluakulu, oti chinthu akachida achida. Koma mkamwini asamakule mwendo, ndiye ndinkangomeza malovu n'kumawerenga njinga zodutsa pamsewu.

Linafika Loweruka lomaliza tisanabwerere kusukulu. Kunkatentha ngati mvula ili pafupi, ndipo Atikonda analira mpaka tonse mitu inatiwawa. Mervis anatuluka naye kuti akamuyendetse cha kumsika. Tinatsala awiri, ine ndi apongozi, ndi phokoso la jenereta kuseri. Ndinadzuka kuti ndikadikire panja monga mwa mwambo.

"Bambo a Atikonda."

Ndinaima chilili. Aka kanali koyamba kuti andiitane okha popanda wapakati.

"Wawa, amayi."

"Lowani."

Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinalowa cham'mbali ngati nkhanu, maso ali pansi, n'kukaima kumbuyo kwa mpando wawo. Apongozi anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, anachipinda, n'kuphimba dzanja lawo lamanja pamodzi ndi mausi.

"Ikani dzanja lanu pamwambapa, mundionetse mmene chala chimachitira. Zongomva zandikwana. Musaope, mwagwira nsalu, simunagwire ine."

Ndinaganiza za amalume a Mervis, ndinaganiza za Dyson kuti bwanji atangotulukira. Kenako ndinaika dzanja langa pansalupo.

Chimene ndinagwira sichinali chimene ndinkayembekeza. Mfundo za zala zawo zinali zotupa, zolimba ngati za nsungwi. Chala chamkombaphala chinali chokhota pang'ono ndipo sichinkapindika. Nditachikanikiza kawiri mofulumira, tsamba linatseguka ndithu, koma apongozi anakoka mpweya ndi mano, phewa lawo n'kunjenjemera. Ndinachotsa dzanja msangamsanga.

"Amayi, chalachi chatani?"

Anayankha akuyang'ana tsamba loyera lija.

"Nyamakazi. Inayamba kale. Makina aja ndimawamenya ndi zala zinazi, ndikafika kunyumba n'kuviika manja m'madzi ofunda. Ku ofesi palibe akudziwa." Anakonza chitenje chija padzanja. "Tsiku lija ndinabwerera pakhomo la kalasi chifukwa cha inu, zimenezo n'zoona. Koma m'njira ndinathokoza Mulungu kuti mwandipatsa chifukwa. Ndinkaopa kuti mphunzitsi aona manjawa, mawa lake ndiuzidwa kuti ndakalamba."

Chisoni chinandigwira, manyazi n'kubwera pamwamba. Masabata onsewa ndinakhala pakhomo ndikulamula kuti afulumire, afulumire, munthu akumva ululu mwakachetechete mwana wake ali pambali.

"Pepani, amayi. Sindinkadziwa."

"Mukanadziwa bwanji muli chofulatira? Ndiuzeni chabe ngati pali njira ina. Ngati palibe, ndikalongedze katundu wanga ndisanachite manyazi pamayeso."

Njira inalipo, ndipo inali yapafupi moti ndinadziseka ndekha. Ndinatseka tsamba lija, n'kuwauza kuti adine kamodzi kokha, ndi chala chilichonse chimene sichikuwawa, kenako akanikize batani lalikulu la kumanja kwa zilembo. Anadina ndi chala chapakati. Anakanikiza batani lija. Tsamba linatseguka.

"Basi?"

"Basi, amayi."

"Pamayeso salanga munthu akatero?"

"Amangofuna tsamba litseguke."

Anachotsa chitenje chija, n'kuyala manja onse awiri pazilembo monga anazolowera. Chilembo choyamba anachimenya mwamphamvu moti tebulo linagwedera.

"Musamenye, amayi. Izi sizifuna mphamvu, ingokhudzani."

Anakhudza. Chilembo chinatuluka. Anakhudzanso china, kenako china, pang'onopang'ono ngati munthu woyesa madzi a mumtsinje ndi phazi. Mzere unatha, anayamba wachiwiri. Atafika pakati anasiya, manja ali m'malere.

"Sizikupweteka," anatero, mawu ali otsika kwambiri. "Bambo a Atikonda, sizikupweteka."

Ndinamva akufwenthera. Ine ndinayang'ana simenti yapansi, chifukwa nanenso maso anali atayamba kuyabwa. Zaka zonsezi ankalimbana ndi makina amene ankawathyola zala, ndipo chinthu chimene ankachithawa ndi chimene chikanawapumitsa.

Panja panamveka mawu a Mervis akupereka moni kwa munthu wina. Apongozi anapukuta kumaso ndi chitenje chija n'kuchimanganso m'chiuno.

"Musakamuuze Mervis za zalazi," ananong'ona. "Akadziwa andiletsa ntchito. Ndiye ana aja aphunzira ndi chiyani?"

"Sindinena, amayi."

"Pitani pampando wanu."

Pamene Mervis ankalowa, ine ndinali pakhomo, maso kumsewu. M'kati munkamveka kaphokoso kofewa ka zilembo, kosalekeza. Mervis anaima, n'kuwomba m'manja mwana ali kumsana.

"Eee, amayi! Mwatsegula nokha? Mwaonatu! Si ndinkakuuzani kuti musapume pakati?"

"Unkanena, mwana wanga," anayankha apongozi, osasiya kutayipa.

Tsiku limenelo tinakhala mpaka mafuta a jenereta anatha. Anaphunzira kusunga zimene alemba, kuzitsegulanso ndi kufufuta cholakwika popanda utoto woyera uja ankapaka papepala. Chofufutacho chinawaseketsa kwambiri, moti ankalakwitsa dala kuti afufutenso.

Mu Januwale analemba mayeso aja. Sanapose anzawo, koma anakhoza, ndipo ntchito inapitirira. Adzukulu aja sanasiye sukulu.

Mpaka lero, pakakhala alendo pakhomo, Mervis amafotokoza mmene anaphunzitsira amayi ake kompyuta pa Chiringa, pomwe mwamuna wake wa ku yunivesite anali atalephera. Akatembenukira kwa ine kuti nditsimikize, ndimangoti eya, zinali choncho.