Nsapato ya Kumanzere

Nsapato ya Custódio inasowanso Lachisanu m'mawa, ya kumanzere yomweyo, ndipo aka kanali kachinayi m'masabata awiri okha. Arminda anagwada n'kusuzumira kunsi kwa bedi, anakutumula mphasa, mpaka anavundukula mphika wa nyemba, ngati nsapato ingalowe yokha mumphika. Mwamuna wake anali chiimire pakhomo, phazi limodzi lovala lina lili pansi, akuyang'ana dzuwa lomwe linali litapitirira kale mitengo ya kokonati.

"Mayi a Dércia, kodi m'nyumba muno muli khoswe wovala nsapato? Lole ija ili ndi eni ake. Ndikachedwanso lero makiyi apatsa wina."

"Ingovalani masilipasi, bambo."

"Mpaka ku Mocuba ndi masilipasi? Kuti apolisi a pamsewu andiseke kaye kenako andigwire?"

Anavalabe masilipasiwo n'kutuluka akung'ung'udza. Ntchitoyo anali ataiyamba miyezi iwiri yapitayo, atatopa ndi kupalasa kabaza m'misewu ya Quelimane muno. Lachiwiri ndi Lachisanu ankanyamula kokonati kupita nazo ku Mocuba, kugona konko, n'kubwerako mawa lake. Ndipo chodabwitsa n'chakuti akangobwerako, nsapato ija inkapezeka yokha kunsi kwa bedi, pomwe Arminda anali atasesapo kawiri.

Koma nsapato sinali vuto lalikulu la Arminda. Vuto linali mwana wake mmodzi yekhayo, Dércia, wa zaka zisanu ndi zitatu, yemwe pa nthawiyo anali atakhala pakhonde atapinda msana, manja onse ali pamimba.

"Mama, m'mimba."

"Wayambanso?"

"Papa abwera liti?"

"Mawa. Ndakuuza kangati?"

M'mimba mwa mwanayu munali mutamuimitsa mutu Arminda. Mankhwala a njoka anamumwetsa kawiri. Masamba a gwafa anawiritsa mpaka mtengo unatsala nthambi zokha. Anapita naye kuchipatala, anamuyeza magazi, anamuyeza chimbudzi, namwino n'kubwera ndi pepala lopanda kanthu.

"Malungo palibe, njoka palibe. Kunyumba zili bwanji, mayi?"

Funsolo linamupweteka Arminda. "Kunyumba kwatani? Mwana amadya, amasamba, sindimumenya."

"Sindikunena zimenezo. Ana ena akakhala ndi nkhawa, pakamwa pamakhala chete, m'mimba ndi momwe mumalira. Taonani zikhadabo zakezi."

Arminda anaona, zala zonse zolumidwa mpaka kufiira. Koma potuluka anadzilankhulira yekha. Nkhawa! Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu nkhawa ya chiyani, ali ndi mwamuna womuvutitsa? Anamwino enawa akasowa matenda amangotola mawu.

Komabe zinthu sizinkagwirizana. Mwana wodwaladi sadya, koma Dércia Loweruka bambo ake akangofika ankamaliza mbale ziwiri za mpunga wa kokonati n'kupita kukasewera phada. Mwana wothawa sukulu amadwala Lolemba, koma iyeyu Lolemba ankadzuka yekha n'kuvala yunifolomu. Kulirira bambo n'kwa ana oyamwa, osati mtsikana woti amachapa yekha masokosi. Nanga n'chiyani? Masiku oipawo manja ake ankachita thukuta lozizira, kupuma kwake kofulumira ngati wathamanga, ndipo ankatsatira mayi ake ngakhale kubafa.

Masana a Lachisanu lomwelo Arminda anapisa chikho m'thumba la mpunga, chikho n'kugunda chinthu cholimba. Anafukula ndi dzanja. Nsapato!

"Dércia! Tabwera kuno. Waika muno ndani?"

"Ine, Mama."

"Iwe? Nthawi zonse zija unali iwe? Bambo ako atsala pang'ono kuchotsedwa ntchito, iwe uli phee kutiyang'ana tikugubuduza mipando? Chifukwa chiyani?"

Arminda anakweza dzanja, koma linabwerera lokha. Akanakhala mwana wamwano bwenzi nkhani itathera pomwepo ndi khofi limodzi. Koma uyu sankaoneka wamwano. Ankaoneka ngati munthu amene walandidwa chinthu, maso ali pa nsapato ija.

"Musawapatse lero," anatero chapansipansi. "Mudikire abwere kaye."

"Ndiwapatsa bwanji ali ku Mocuba? Iwe, mutu wako uli bwino?"

Loweruka Custódio anabwera ndi mlongo wake wamkulu, a Felismina, amene amakhala ku Mocuba konko ndipo anakwera nawo lole kudzaona abale. A Felismina ndi mayi oti nkhani isanathe yankho amakhala ali nalo kale. Atangomva za nsapato mu mpunga anaomba m'manja kamodzi.

"Basi, musavutikenso. Izi si zakuchipatala. Mwana wabwinobwino angakwirire nsapato ya bambo ake m'chakudya? Chilipo chamulowa. Kwathu kuli mayi wina, ana otere amawawongola sabata ziwiri zokha. Mundipatse ine miyezi itatu."

"Mana, nanga sukulu?" anafunsa Arminda, kuwatchula monga timatchulira achemwali kuno.

"Sukulu yake iti, yomwe amapita tsiku limodzi n'kujomba awiri? Mlamu, inu mwamulera ngati dzira mwanayu, n'chifukwa chake."

Arminda anayang'ana mwamuna wake kuti amuthandize. Custódio anali atazolika, akukanda m'mutu.

"Ine ntchito ija ikanditayika tidya nsapatoyo? Apite. Lachiwiri tikwera tonse."

Mtima wa Arminda unakana. Mwana mmodzi yekhayo, miyezi itatu, m'manja mwa mayi woti sanamuonepo n'kale lonse, amene mwina akamutema mphini kapena kumufukiza utsi! Koma akanati chiyani? Iye mwini analibe dzina loti atchule matendawo. Wopanda yankho amagonja kwa amene ali nalo, ngakhale likhale lokhota. Anangoti, "Chabwino," ndipo ataponya maso kuchitseko anaona mapazi aang'ono kuseri kwa katani.

Ankayembekeza kulira ndi kudzigwetsa pansi. Ayi ndithu. Lamulungu Dércia anadzuka n'kusesa bwalo lonse asanatumidwe. Chingwe chake chodumphira anakapatsa mwana wa nyumba yoyandikana nayo. Za m'mimba sanatchulenso, koma chakudya anangochitembenuza ndi supuni. A Felismina anati, "Mwaona? Chamva kuti tikupita nacho, chayamba kuopa." Arminda sanadziwe ngati aseke kapena akhulupirire.

Lolemba masana anayala chikwama pabedi n'kuyamba kulongedza: madiresi atatu, yunifolomu, makope, chipeso, nsapato za kutchalitchi. Dércia anaima pambali akuyang'ana chinthu chilichonse chikulowa. Arminda atatenga kansalu komaliza pachingwe, mwanayo anamugwira mkono. Dzanjalo linali lozizira ngati lochokera m'madzi.

"Mama, musaike zonse."

"Ukavala chiyani kumeneko?"

"Siyaniko chimodzi chokha. Ngakhale sokosi."

"Bwanji kodi?"

"Vovo anatenga zonse."

Arminda anaima ndi kansalu m'manja. Vovo Jacinto, agogo a Dércia, anali bambo ake a Arminda omubereka, ndipo ankakhala nawo m'kachipinda ka kuseri. Ndiwo ankaperekeza Dércia kusukulu ya mkaka, ndiwo ankamuswera kokonati wamuwisi kuti amwe madzi. Anamwalira kuchipatala zaka ziwiri zapitazo. Monga timachitira tonse, ana anawasamutsira kwa achibale kutsidya lina la tauni mpaka zonse zitatha, chifukwa mwana saona bokosi ndipo sauzidwa za maliro. Pambuyo pa mapemphero a tsiku lachisanu ndi chiwiri abale anagawana zovala, chipewa, wailesi, ndodo, ngakhale mphasa. Dércia pobwerera anapeza chipinda chili mbee. Atafunsa, wina anangoti, "Vovo apita ku Mocuba, abwera." Arminda sankakumbukiranso kuti ananena ndani. Mwina anali iye mwini. Mwanayo anafunsa kawiri, katatu, kenako analeka, akuluakulu n'kumati waiwala.

"Ukuti Vovo anatani?"

"Anapita ku Mocuba ndi katundu wawo yense. Sanasiye kanthu koti abwerere kudzatenga." Mawu ankatuluka mothamanga tsopano, ngati madzi otsekulidwa pampopi. "Papa amabwera chifukwa nsapato yawo imatsala kuno. Ine sindinaphonyepo, Mama, ndinaphonya kamodzi kokha ndiye ndinabisa lamba. Koma mawa tikapita tonse, abise ndani? Inu simudziwa kabisidwe kake."

Arminda anakhala pabedi pambali pa chikwama. Kalanga ine! Miyezi iwiri yonseyi kamwana aka kanali pa ntchito yobweza bambo ake ku imfa, kokhakokha, iye ali kalikiliki kuwiritsa masamba a gwafa. Anamva chisoni, anamva manyazi, ndipo anakwiya osadziwa womukwiyira.

A Felismina anali atamva zonse ali pakhomo. "Mlamu, ndakuonani nkhope. Musayerekeze. Mwana sauzidwa zimenezo, azidzalota."

"Nanga panopa akugona, mana?"

"Ife tonse tinakula choncho, tinafa?"

Mwina a Felismina ankanena zoona. Mwina kumuuza kukanangowonjezera moto. Arminda nayenso mayi ake atamwalira anauzidwa kuti apita kumunda wakutali, ndipo anadikira pamsewu nyengo yonse ya mvula. Anali asanaganizepo za zimenezo kwa zaka makumi atatu. Anadzuka, anamanga nsalu m'chiuno, n'kugwira mwana wake dzanja.

"Mukupita kuti dzuwa lonseli?"

"Tibwera."

Anaimitsa kabaza pamsewu, anakhala n'kumuika mwana pamiyendo. Njira yonse Arminda ankasanja mawu m'mutu, akasanja n'kugumuka. Kumanda anasochera kawiri asanapapeze, chifukwa udzu unali utakula ndipo manda atsopano anali atachuluka. Anagwada n'kuzula udzu pamtanda kuti dzina lioneke.

"Dércia, mwana wanga. Vovo sanapite ku Mocuba. Anadwala chifuwa, anamwalira, tinawaika pano. Zovala zawo sanatenge, tinagawana ndife. Tinakunamiza. Ine ndinakunamiza."

Anadikira kulira. Mwanayo anawerama n'kuwerenga dzinalo chilembo chimodzichimodzi, chala chikutsatira utoto wofufutika.

"Anali pano nthawi yonseyi?"

"Eya."

"Pafupi chonchi? Pongokwera kabaza?"

"Eya, mwanawe."

"Ndiye sabweranso, ngakhale akanasiya chipewa?"

"Sabweranso. Chipewa sichibweza munthu, nsapatonso ayi. Papa ako amabwera chifukwa ntchito yatha ndipo akufuna kwawo. Si iwe umawabweretsa. Si ntchito yako imeneyo."

Dércia anakhala pansi m'fumbi. Nkhope yake sinamasuke monga mayi ake ankayembekezera. Inkaoneka ngati ya munthu amene wapatsidwa masamu atsopano asanamalize akale.

"Nanga ku Mocuba kuli chiyani?"

"Kuli msika, mlatho, fumbi, ndi nyumba ya Titia wako, a Felismina. Tauni basi, ngati kuno."

"Mawa ndipita?"

"Supita. Ndikalankhula ndi Papa ako, ndi Titia yemwe. Akalalata alalate. Chikwama chija ukamasula wekha."

Mwanayo anatukula maso n'kumuyang'anitsitsa, monga amayi amayang'anira nsomba pamsika kuti aone ngati ndi ya lero.

"Mama, izi ndi zoona, kapena ndi zija mumauza ana?"

Arminda anatsekula pakamwa kuti alumbire, koma alumbire pa chiyani? Mawu omwewa, nkhope yomweyi, ndi zomwe anagwiritsa ntchito tsiku lija. Analibe zina.

"Sindingakukakamize kundikhulupirira lero," anatero. "Mawa lole ikanyamuka iwe uli pakhonde ndi ine, udzaona wekha. Lachitatu Papa akadzabwera ndi nsapato zonse ziwiri, udzaonanso. Ndipo m'mimba mukayamba uzindiuza chomwe ukuopa, ine ndizikuuza zoona, ngakhale zoipa."

"M'mimba mukupweteka panopa."

"Ndikudziwa. Tikhale kaye."

Anakhala pansi pambali pake, n'kuika dzanja lake pamwamba pa timanja tija pamimba. Patapita nthawi Dércia anayamba kulira, kulira maliro a zaka ziwiri zapitazo, ndipo Arminda sanamuuze kuti atonthole.