Dzina la Anaphiri

Aliyense amene anagulapo manachesi pamsika wa Mwanza ankawadziwa a Tinenenji. Ankakhala pafupi ndi pokwerera minibasi za ku Blantyre, ndipo milu yawo inkaima mowongoka ngati yachita kuyezedwa ndi chingwe cha mmisiri. Ukati unenerere mtengo, ankakuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kukusendera nachesi limodzi kuti ulawe. Ukalawa, chikwama unkatulutsa wekha. Anali mayi wodzidalira, wophunzitsa yekha ana ake onse ndi manachesi omwewo, ndipo kunyada kwawo sankakubisa.

Koma chinalipo chimodzi chimene chinkawadya mumtima. Bambo awo anali a Langton Sankhani a kwa Nthache, amene kale anali kalaliki pachipata cha malire. Ali mnyamata anabereka mwana ndi Rozina, mtsikana wa ku Zobue, koma ukwati sunatheke chifukwa akwawo kwa mtsikanayo anakana. Rozina anakalerera mwanayo kutsidya kwa malire, n'kumwalira pa nthawi ya nkhondo. Pamene Tinenenji ankawoloka ndi anzake othawa nkhondo, ali namwali, anapeza bambo aja anakwatira kalekale a Iness ndipo boma linawasamutsira ku Mchinji. Anabwerako ali m'bokosi. Pamaliro pawo Tinenenji anakhala kumbuyo pamodzi ndi anthu ongodzapepesa, nalira chamumtima. Chimene mayi ake anamusiyira chinali mawu okha: "Bambo ako ndi a Langton, ndipo dzina lakoli anakutcha ndi iwo."

Tsopano, imvi zitayamba kale kutuluka m'mphepete mwa duku, a Tinenenji anamva kuti ana a a Langton akumanga chiliza, ndipo pamwalapo palembedwa mayina a ana a malemu. Usiku wa tsikulo chakudya sichinatsike. Munda sankaufuna, nyumba sankaifuna, mbuzi ngakhale imodzi ayi. Ankafuna kuti dzina lawo likhale pamwala umenewo, kuti zidzukulu zawo zikadzafunsa kumene zinachokera, padzakhale poloza.

Anavala chitenje chawo chabwino nakwera kabaza mpaka kwa Nthache. Pakhomopo anapeza a Jeremy, mwana woyamba wa a Iness, bwana wa muofesi ku Lilongwe, ndi mlongo wawo Kate amene ndi namwino. Mayi Iness eni ake, okalamba ndithu, anali pamphasa akutongola chimanga.

A Jeremy sanali munthu woipa ayi. Anawapatsa mpando, nawamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachifuwa.

"Mayi, nkhani yanuyi tinaimvapo," anatero. "Komatu mwala si pepala loti tingafufute mawa. Pakufunika umboni. Taonani izi."

Anatulutsa m'chikwama kachidutswa ka nyuzipepala kotetezedwa ndi pulasitiki. Kanali kochokera mu Liwu la Kumalire, kanyuzipepala kamene amishoni ankasindikiza paboma kalelo, kolengeza za ubatizo, maukwati, mitengo ya mbewu ndi maliro. Kachidutswako kankanena za imfa ya a Langton, ndipo kumapeto kwake kanati: "Asiya mkazi ndi ana awiri, Jeremy ndi Kate."

"Mwaona? Awiri," anatero a Jeremy mofatsa. "Pepanitu kwambiri."

A Tinenenji anayang'ana kwa a Iness, koma gogoyo maso anali pa chimanga basi. Anatsanzika mwaulemu, nayenda mutu uli m'mwamba mpaka atapitirira nyumba zonse. Misozi anakaikhetsera kuseri kwa mulu wa matumba a makala, kopanda wowaona. Pepani sapoletsa chilonda.

Nzeru inawabwerera m'mawa mwake akuunjika manachesi. Anaima chilili, nachesi lili m'manja. Kodi wakufa amalemba yekha uthenga wa maliro ake? Kachidutswa kaja anakalemba ndi otsala, ndipo otsala amalemba zimene akufuna. Nanga pamene a Langton anali moyo, iwowo ndi kukhala kalaliki, munthu wa cholembera m'thumba, sanalembepo za maliro a wina aliyense? Nanga mayi awo owabereka atamwalira, anakalengeza ndani?

Anasiyira mwana wawo wamkazi malonda, napita kwa a Bartholomew kuseri kwa boma. Mkuluyu anali mphunzitsi wopuma, ndipo paunyamata wake ndi amene ankapukusa makina osindikizira Liwu la Kumalire. Kanyuzipepalako katatha, ena anakulungira usipa, ena anamata m'makoma, ena anapichirira fodya, koma iwo anasunga mapepala awo m'masutikesi achitsulo. Akazi awo ankati nyumba yonse inasanduka chigono cha njenjete, ndipo sankanama.

A Tinenenji atafotokoza, mkuluyo anawomba m'manja.

"Eyaa! Mwaganiza bwino, mayi. Anthu amabwera pano kuchokera ku Blantyre, ena ku Joni, kudzafuna makolo awo. Onse amathamangira pa maliro a munthuyo. Ine ndimawauza kuti mukafuna kumva mawu a munthu, mufuneni pa maliro a anzake, pamene iye anali wolira. Tsono agogo anuwo dzina lawo ndani?"

"Ndimangomva kuti Anaphiri."

"Anaphiri! Mayi, kuno mukaponya mwala m'mwamba ugwera Anaphiri. Nanga chaka chimene anamwalira?"

"Sindikudziwa. Mwina ndinali ndisanabadwe, mwina ndili kumsana."

"Ndiye konzekani msana wanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anayala mphasa pakhonde nayamba kutulutsa mitolo. Mapepalawo anali ofiirira ngati masamba a fodya, ena odyedwa m'mphepete, zilembo zina zitazilala. A Tinenenji sukulu sanapite nayo patali, choncho ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsogola, milomo ikutsatira. A Bartholomew anawaphunzitsa kutsegula tsamba ndi chikhatho chonse, osanyowetsa chala ndi malovu ngati mmene amachitira pamsika.

Tsiku loyamba linapita, lachiwiri, lachitatu, mpaka anasiya kuwerengera. Anaphiri anawapeza ambirimbiri, koma onse anali a eni ake. Chodabwitsa n'chakuti ntchitoyo inayamba kuwakomera. M'mapepalamo munali Mwanza yense. Munali mzamba amene anabadwitsa midzi itatu, munali bambo amene anabwera ndi mitengo yoyamba ya manachesi m'dera lakwawo, munali anyamata amene anapita kumigodi osabwerako, mayina awo atalembedwa ndi alongo awo. Tsiku lina anapeza agogo a mnzawo wogulitsa tomato, nathamanga kukamuuza kuti agogo akewo anali mmisiri womanga milatho. Mayiyo anayenda modzimva sabata yonse. A Tinenenji anaona kuti anthu akuno, amene apaulendo amangowaona pazenera la basi, ndi anthu a mbiri yawo, ndipo mtima wawo unatupa ndi kunyada.

Komabe tsiku la chiliza linkayandikira, ndipo za a Langton kunali zii. Masana ena, dzuwa lili paliwombo, khosi litauma, anatsegula tsamba la chaka cha 1971. Chala chinatsika, n'kuima. Anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

"Mayo ine! A Batulumeyo, ndafa liti ine?"

Mkuluyo anabwera akukoka mwendo, navala magalasi. Pamwamba pa uthengawo panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti MAYI TINENENJI SANKHANI. Mkuluyo anawerenga mokweza:

"Ndikudziwitsa abale onse a kuno ndi a kutsidya kuti mayi anga, a Tinenenji Sankhani, amene ambiri mumawadziwa kuti Anaphiri, atisiya ndipo tawaika kwa Nthache. Asiya ine mwana wawo mmodzi yekha, ndi mdzukulu mmodzi, mwana wanga wamkazi amene ali ku Zobue. Mwanayo ndinamutcha Tinenenji kuti dzina la mayi lisafe. Ndine Langton Sankhani, wa kuchipata."

Moyo wawo wonse a Tinenenji ankaganiza kuti dzina lawolo linali lodandaula, la mwana wobadwa pamavuto. Sankadziwa kuti anasenza dzina la mayi wa banja lonse la a Sankhani. Ndiye analira, kulira kwenikweni kotulutsa mawu, kumene anakumeza pamaliro paja. Akazi a a Bartholomew anatuluka ndi madzi m'kapu, ndipo atamva nkhaniyo anati njenjete zija aziona bwino kuyambira lero.

Mkuluyo sankalola pepala lake kutuluka pakhomo, koma tsiku limenelo anavala jekete nati apita nalo yekha. Anakwera makabaza awiri kupita kwa Nthache, iye atakumbatira pepalalo pachifuwa.

A Jeremy analiwerenga ataimirira, nalibwerezanso atakhala pansi. Kate anasuzumira paphewa pawo.

"Achimwene, ndiye kuti agogo dzina lawo linali Tinenenji?" anafunsa. "Ine chibadwire ndimangodziwa kuti Anaphiri."

"Inenso," anayankha a Jeremy motsitsa.

Zimenezo sizinali zachilendo. Kwathu kuno mwana satchula dzina la munthu wamkulu, ndipo mkamwini kapena mtengwa ndiye sayerekeza n'komwe. Mayi akangokula amasanduka Anaphiri, Anabanda, kapena amake a uje, ndipo dzina lake lenileni limalowa naye m'manda. Ana ophunzira aja ankadziwa tsiku lobadwa la bambo awo ndi masukulu onse amene anaphunzirako, koma dzina la agogo awo linawadutsa. Mayi wa manachesi uja anabwera pakhomo pawo atalisenza pamutu, iwo osalizindikira.

"Amayi," anatero a Jeremy potembenukira kwa a Iness, "inu zimenezi mumazidziwa?"

Gogoyo anadzuka movutikira, nagwira ndodo yawo, n'kulowa m'nyumba. A Jeremy anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Vuto ndi lakuti mwala wagobedwa kale," anatero. "Tikambirana monga banja. Koma Loweruka mubwere."

A Tinenenji sanapemphe kanthu kena. Anauza a Bartholomew panjira kuti ngakhale awakane, iwo amva kale mawu a bambo awo, ndipo zimenezo palibe angawalande. Ankanena zoona, komabe mwala uja ankaufunabe, ndipo masiku otsalawo anawatalikira.

Loweruka anafika ndi ana awo onse ndi zidzukulu, atavala zoyera bwino. Kumanda kunali anthu ambiri, amayi a mvano akuimba, chiliza chitaphimbidwa ndi nsalu yoyera. Palibe amene anawauza pokhala, choncho anaima kumbali pansi pa mtengo. A Iness anali kutsogolo pampando, atafunda shawelo.

Mkulu wa mpingo atatha kupemphera anati: "Tsopano mwana woyamba wa malemu abwere adzavundukule chiliza."

Anthu onse anayang'ana a Jeremy, koma iwo sanasunthe. Anangoima manja ali kumbuyo, maso ali pansi. Anthu anayamba kunong'onezana. Pamenepo a Iness anagogoda pansi ndi ndodo yawo, natembenuza mutu kuyang'ana kumtengo kuja. Mawu awo anali ofooka, koma anamveka manda onse.

"Tinenenji, mwana wanga, ukudikira chiyani kumeneko? Aitana woyamba kubadwa. Kapena ukufuna bambo ako adzuke adzakuitane okha?"

Aka kanali koyamba kuti mtengwa wa a Sankhani atchule dzina limenelo pagulu. Anthu anapatuka. A Tinenenji anakonza duku lawo nayenda pakati pawo osathamanga, msana uli chilili. Kate anawagwira mkono. Atafika anagwada, nagwira nsonga ya nsaluyo ndi manja awiri, n'kuikoka.

Pansi pa dzina la a Langton panali mayina a ana. La Jeremy ndi la Kate anali a zilembo zikuluzikulu zopakidwa utoto. Pamwamba pawo, pakampata kamene kanatsala, mmisiri anali atagoba dzina lina dzulo lake lomwe, zilembo zing'onozing'ono zopanikizana, fumbi la mwala likadali m'mizere yake.

A Tinenenji analipukuta ndi nsonga ya chitenje. Kenako anaitana zidzukulu zawo zonse kuti zibwere kutsogolo, naziuza kuti ziwerenge mokweza, anthu onse amve.