Chipinda Chachinayi

Dailesi Kamwendo anatha sabata yathunthu mtima uli m'mwamba, osadziwa chomwe chinkamuvuta. Zinthu zinkayenda ndithu. Atagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe kwa zaka khumi ndi zitatu, anali atayamba kumanga nyumba za lendi pa puloti imene malume ake, malemu a Sitolo, anamusiyira ku Bangwe. Zipinda zitatu zinali zitafoleredwa kale. Chachinayi chinali chitafika m'mawindo.

Chachinayicho sichinali m'maganizo ake poyamba. Anabweretsa nzeruyo ndi mmisiri wake, a Likoswe. Kumapeto kwa pulotiyo kunali ngalande yakuya kulekeza m'chiuno, imene malumewo anakumba kalekale.

"Malo onsewa tingowasiyira achule, mayi?" anatero a Likoswe. "Tikwirire, timangepo. Ameneyotu ndi walendi wina."

Dailesi anavomera. Chipindacho chisanathe n'komwe, anachilonjeza kwa a Maganizo, telala wa pamsika, amene mkazi wawo anali ndi mwana wakhanda.

Lachinayi masana anapita kukaona ntchito, n'kupeza amisiri atapita kukadya. Dzuwa la Okutobala linali litaswa mtengo. Analowa m'chipinda china chotha, nakhala pa matumba a simenti, natsamira khoma. Tulo tinamuba pomwepo.

Choyamba kumufika chinali fungo la mvula yoyamba pa fumbi. Kenaka anazindikira kuti ali m'chipinda chachinayi, chofolera bwino, chopaka laimu. Pansi pa simenti pankamveka kulira kwa madzi. Anamva kuzizira kumapazi, ndipo atayang'ana anaona madzi ofiira akutuluka m'ming'alu mwakachetechete. Pakona panali mphasa, ndipo thewera la mwana linkayandama pambali pake.

Pakhomo panaima a Sitolo. Anali atapinda buluku mpaka m'mawondo, matope ali phaa m'miyendo, khasu lili paphewa.

"Dailesi."

"Ine, amalume."

"Ngalande ija ndinakumba miyezi iwiri, ndekha. Unayamba wafunsapo chifukwa chake?"

Dailesi asanayankhe, a Sitolo anapitiriza.

"Madzi saiwala khwawa. Ukawatsekera, adzera pogona mwana wa eni ake. Munthu ukamupatsa kiyi, tulo take tili m'manja mwako."

Anatsitsa khasu lija n'kulitsamiritsa pakhoma, natembenuka.

Dailesi anadzidzimuka ndi phokoso la wilibala. Mapazi ake anali ouma, kunja kuli ng'aa. Anakhala kaye pang'ono, kenaka anatuluka n'kuitana a Likoswe.

"Chipinda ichi mugwetse. Ngalande ibwerere momwe inalili."

A Likoswe anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Mayi, simenti yonse yalowa apayi? Wakuopsezani ndani?"

"Palibe. Njerwa zomwe zingapulumuke mumangire m'mbali mwa ngalandemo."

Chovuta chinali kukaonana ndi a Maganizo. Anawapeza pamakina, ndipo atawafotokozera, iwo anasiya kupalasa makinawo.

"Kumene tikukhalaku tatsanzika kale, mayi. Mwanayu tilowera naye kuti?"

Pa zipinda zitatu zija, ziwiri zinali ndi eni ake kale. Chachitatu Dailesi anachisungira mabelo ake, kuti asiye kulipira posungitsa katundu ku Limbe.

"Mulowa chachitatucho," anatero Dailesi. "Mabelo aona kwina."

Loweruka m'mawa khoma linagwa, ndipo amisiri anayamba kufukula dothi m'ngalandemo. Dailesi anamanga chitenje n'kugwira nawo fosholo. Ntchito ili mkati, anatulukira mayi wina wachikulire wa nyumba yakumunsi, Nasibeko, atanyamula khasu lake. Sanapereke moni wautali. Analowa m'ngalandemo n'kuyamba kukumba pambali pa Dailesi.

"Chaka chimene malume anu anakumba muno, madzi ochokera kuphiri anali atagwetsa khoma la nyumba yanga," anatero osadzutsa mutu. "Mwana wanga wachiwiri anali m'katimo."

Dailesi anaimika fosholo. "Bwanji simunandiuze tikukwirira, mayi?"

"Ndinabwera kawiri. Ndinafika pa mulu wa mchengawo n'kubwerera. Ndinati, malo ndi awo, ndalama ndi zawo, ine ndine ndani."

Anakumba limodzi mpaka dzuwa linafika pamutu.