Galimoto Yanga Ikumwa Mafuta

Galimoto ija ndi yanga, ndiyambe ndanena zimenezo. Anandisiyira malemu malume anga, amene anaigula atabwerako kothawa nkhondo ku Malawi. Amuna anga, a Valentim, amangoyendetsa: kunyamula anthu ndi matumba kuchoka pa Insaca kupita ku Entre Lagos n'kubwerera. Njira inayo, ya kunyanja ya Chiuta, ndinawaletsa chaka chatha, tsiku limene ndinaona Rahma, mayi wogulitsa nsomba zouma kumeneko, atakhala kutsogolo pampando wanga, akuseka mpaka usinini kuonekera. Analumbira kuti sadzapondakonso.

Kenaka mafuta anayamba kutha mosadziwika bwino. Kasingano koonetsa mafuta kanafa kalekale, choncho timapisa kansungwi m'thanki. Akathira malita khumi m'mawa, madzulo kansungwi kankatuluka kongonyowa kunsonga. Kale ulendo womwewo unkasiya pafupifupi theka. Kusukulu sindinapite patali, koma ndinkadziwa kuti galimoto ikamwa kawiri ndiye kuti yayenda kawiri, ndipo kumene inkakhotera sindinafunike kuombeza.

Nsanje inandigwira, ndikuvomera. Ndinkanunkhiza mipando kufunafuna fungo la nsomba. Ndinkagwada kuyang'ana matayala ngati agwira dothi lakuda la kudambo. Iwo akati atopa, mumtima ndinkati, mwatopa ndi ntchito yanji?

"Ndi motoro, amake Neide," ankatero, kunena injini. "Wakalamba basi."

"Wakalamba mwezi uno? Chaka chatha anali mnyamata?"

Tsiku lina zinawakwana. "Valani, tipite kwa a Jabiri mukamve nokha."

A Jabiri ndi makaniko wachikulire amene amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Salankhulalankhula. Anayamba alowa pansi pa galimoto kuona ngati thanki kapena mapaipi akudontha. Panali gwa, pouma. Ine ndinayang'ana a Valentim, iwo n'kuyang'ana mango. Kenaka anagogoda matayala, anatulutsa sefa ya mpweya n'kuikuntha pamwendo. Inatulutsa fumbi lambiri, koma anati limenelo palokha silingamwe theka la thanki.

"Mwamva?" ndinatero. "Silingamwe."

"Dikirani, mayi, sindinafike kumene kukudwala," anatero a Jabiri. "A Valentim, lizani."

Injini itadzuka, anandiitanira kumbuyo. Utsi unali wobiriwira, wonunkha chinthu chopserera. Anati umenewo ndi oliyo akupsa limodzi ndi gazolina, petulo uja. Anabwerera kutsogolo n'kutsegula chivindikiro cha pothirira oliyo, ndipo panatuluka utsi, pfu pfu pfu, ngati ketulo yawira. Atazimitsa anamasula mapulagi anayi, amene iwo amawatchula mavela, n'kuwandandalika pachigamba. Onse anali bii. Awiri anali onyowa, mafuta akuda ali noninoni.

Ndinali ndisanakhutire. Chitsulo chikhoza kuda, mwamuna n'kumapitabe kunyanja.

A Jabiri anaona nkhope yanga. "Bweretsani chala chachikulu," anatero. Anachitsekera pabowo limene anachotsapo pulagi yoyamba, n'kuuza a Valentim kuti apotoze kiyi. Mpweya unakankha chala changa mwamphamvu mpaka ndinakuwa. Bowo lachiwiri chimodzimodzi, koma mofookerapo. Lachitatu ndi lachinayi anangondipumira pachala ngati mwana wagona.

"Mwamva nokha," anatero a Jabiri. "Masegimentu atha, timphete tija timagwira mpweya m'katimo. Mphamvu ikuthawira pansi. Kuti ikwere kamtunda, bambowa akuponda mpaka phazi kugunda pansi, ndiye gazolina akungothiridwa ngati madzi. Galimoto iyi pa malita khumi ikafika ku Entre Lagos n'kubwerako, muziyamika Mulungu. Kwina singapite."

Manyazi anandigwira, koma chimwemwe chinaposa. Miyezi itatu ndinali ndisakudya bwino chifukwa cha timphete tachitsulo! Ndinafuna kuwagwira dzanja amuna anga pomwepo, anthu akuona. Ndinauza a Jabiri kuti ndili ndi matumba a nandolo m'nyumba, ndigulitsa mawa lomwe, aitsegule injiniyo.

"Ikatuluka muno simudzaizindikira," anatero akupukuta manja. "Malita khumi omwewo, Entre Lagos kupita n'kubwera, otsalawo mukhoza kukafika nawo ku Chiuta kukatenga ndiwo."

A Jabiri anangonena, sankadziwa kanthu. Koma ine ndinamvamo zina. Injini yodwalayi ndi imene inali kuwabweza a Valentim kunyumba. Ikachira, adzatha kukhotera kunyanja masana, Rahma n'kukwera kutsogolo, madzulo thanki n'kuoneka ngati palibe chachitika. Ndikanati ndiwerengere mpaka khumi mwina ndikanameza mawuwo, koma pakamwa panga sipadikira.

"Musaitsegule," ndinatero. "Bwezeranimo mavelawo. Iziyenda choncho."

A Jabiri anadabwa. "Mayi, ikapitirira chonchi idzafera panjira."

"Ikafera pakati pa Insaca ndi Entre Lagos tidzakaikoka."

A Valentim anamvetsa msanga kuposa makaniko. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo mayankho ndinali nditakonza kale. Sanakalipe. Anatsika m'galimoto pang'onopang'ono, nkhope itagwa, ngati munthu amene wamva za maliro.

"Mwagwira ndi chala chanu chomwe, amake Neide," anatero motsitsa mawu. "Mwaona kuti sindinaname. Zaka khumi ndi zinayi tili limodzi, koma mukhulupirire motoro wakufa kuti ndiye azindilondera?"

Anandigwira dzanja, lomwe lija linali ndi oliyo kuchala, n'kuikamo makiyi. Kenaka anatembenuka n'kumapita, osathamanga.

Ine kuyendetsa sinditha. Ndinatsala chiimire pambali pa galimoto yanga, mapulagi ali pachigamba, a Jabiri akunamizira kufunafuna sipanala. Ndinatsatira amuna anga ndi maso. Anadutsa pakati pa ogulitsa tomato, n'kukhotera kumene kumaima mashapa, maminibasi aja, opita mbali zonse, ndipo kuchokera pamene ndinaima sindinathe kuona shapa imene anakwera.