Theka Lina la Denga

Linali Lachinayi masana, magetsi atazima mu ofesi, pamene Madenga anakamba nkhaniyi. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pantchito, chifukwa aliyense akajambula nyumba pa kompyuta n'kufika pamwamba, ankaitana iyeyo. Amene ankamvetsera anali mayi wosindikiza mapulani. Mayiyo anaona kuti chithunzi cha nyumba ya denga lofiira, chimene chinkakhala pakhoma kumbuyo kwa mpando wa Madenga, chachoka, patsala msomali wokha.

"Mwachigulitsa?" anafunsa mayiyo.

"Chili m'dirowa."

"Nyumba yokongola ija m'dirowa? Mwayambana ndi eni ake eti?"

"Eni ake ndi makolo anga," anatero Madenga. "Sitinayambane. Bola tikanayambana."

Nyumbayo anaimanga ndi bambo ake, kalipentala, iye asanabadwe. Denga linali la malata, ndipo linali ndi chilema chimene aliyense pabanjapo ankachidziwa. Kumaso linkangopitirira khoma pang'ono, koma kuseri linkatuluka pafupifupi mamita awiri, litatsamira pa nsanamira ziwiri. Ukaiona chapatali, nyumbayo inkakhala ngati munthu amene wakankhira chipewa kunkhongo. Ana akafunsa, yankho la bambo awo linali limodzi: "Malata anabwera aatali, ndiye ndinachita ulesi kudula." Ana ankaseka, nawonso ankaseka.

Pansi pa malata aataliwo ndi pamene mayi ake ankasokera. Makina awo opalasa ndi mapazi ankatuluka m'mawa n'kulowa madzulo, ndipo osoketsa ankangozungulira nyumba osagogoda. Madenga anakulira pomwepo, akutola tizidutswa ta nsalu pansi, koma sanadzifunsepo kuti mthunziwo ukuchokera kuti. Munthu kwawo sayenda akuyang'ana m'mwamba.

Malata atayamba kudontha, iye ndi mlongo wake anagwirizana kuti makolo awo awafolerere matailosi. Kujambula kunali kwa iyeyo. Sabata yathunthu anzake akapita kokadya masana, iye ankatsala pa kompyuta. Anaimika makoma monga mwa miyeso imene anatenga. Anakweza msana wa denga kuti likhale lotsetsereka kwambiri, poti matailosi safuna denga logona ngati la malata, madzi amabwerera m'mipata. Kenako anajambula tailosi imodzi, n'kuikopera mzere wonse, mzere wam'mwamba ukuphimba mutu wa mzere wam'munsi, mpaka theka lakumaso linadzaza. Anaika dzuwa lonamizira kuti aone mmene timithunzi tizigwera pakati pa matailosi. Zinkaoneka ngati ungazikhudze.

Pulogalamu imene amajambulirayo ili ndi batani lina lochita ngati kalilole. Ukamaliza theka limodzi umangodina, theka linalo limatuluka lokha, lofanana ndendende. Papepala lake la miyeso panali nambala ya kuseri ija, yaitaliyo. Anaiyang'ana, anamwetulira, n'kudina batanilo.

Loweruka anapita nayo laputopu kwa makolo, n'kuiika patebulo lodyera. Mlongo wake analipo. Anaizungulitsa nyumbayo ndi chala, kuikweza, kuitsitsa, kuiyang'anira pamwamba.

"Ee, koma ana inu," anatero mayi ake, atagwira patsaya. "Ine nyumba yanga sindinaionepo kuchokera kumwamba ngati mbalame. Ngati ndi imeneyi, ndiye ndinkakhala pabwino osadziwa."

Bambo ake anasendeza mpando, n'kuyandikitsa nkhope pagalasi.

"Taitembenuza tione kuseri."

Anaitembenuza.

"Kwafupika uku."

"Ndakonza, bambo. Ulesi wanu uja, kompyuta yaudula lero."

Mlongo wake anaseka mpaka kugunda tebulo. Mayi ake anasekanso, poti zinthu za pagalasipo sankazitsata bwino, ankangoona kufiira kokongola. Bambo ake anatsegula pakamwa, anayang'ana mkazi wawo, n'kutsekanso. Anapukuta magalasi awo ndi malaya kwa kanthawi ndithu.

"Chabwino," anatero. "Anapita kusukulu ndinu."

Nthawi yofolera, makolowo anakakhala kwa mlongo wake milungu itatu. Amisiri anatsatira pulani mmene inalili. Anasasula malata, anazula nsanamira ziwiri zija, anakhoma matabwa atsopano, n'kuyala matailosi mzere ndi mzere. Makolo atabwerera, anapeza anthu odutsa akuima pamsewu, ena akujambula ndi mafoni. Abwana a Madenga ataona chithunzi anati chipachikidwe mu ofesi, makasitomala aziona.

Panapita miyezi iwiri iye asanadziwe kanthu. Anadziwira pa buluku. Anagula lalitali miyendo, n'kukasiyira mayi ake kuti apinde, monga ankachitira chiyambire. Litabwera, anaona kuti ulusi wake ndi wakuda pamene nsalu inali yotuwa. Mayi ake sakanachita zimenezo ngakhale atadwala. Anaimbira mlongo wake.

"Achimwene, inu simukudziwa?" anatero mlongoyo. "Limenelo anakasoketsa kumsika. Amayi anasiya kusoka."

"Chifukwa?"

"Azisokera pati? Tsiku loyamba anatulutsa makina, ikamakwana naini dzuwa linali pakhosi. Mvula itabwera, madzi a pamatailosi anu aja ankathira ndendende pamene amaika makina. Anawalowetsa m'kakhonde ka m'kati, koma mmenemo ndi mumdima, singano saiona. Anangowaphimba ndi nsalu. Anandiletsa kukuuzani."

Tsiku lomwelo ataweruka anapita kwa makolo. Anazungulira kuseri ngati mmene ankachitira osoketsa. Pasimenti panali mabowo awiri a nsanamira, wina atawathira mchenga, ndi timaenje tinayi pamene miyendo ya makina inadya pansi zaka zonse zija. Bambo ake anali atakhala pasitepe, msana ataugunditsa kuchitseko, mapazi atawabweza kuti akwane m'kamthunzi kamene kanatsala.

Madenga anakhala pambali pawo. Dzuwa linamupeza m'maondo.

"Bambo, malata aja anangobweradi aatali?"

"Ndinachita kuitanitsa. Ndinadikira milungu itatu."

"Nanga bwanji simunanene tsiku lija?"

"Ndikanati chiyani? Pamaso pa ana anga ndiziti ndinamangira mkazi wanga mthunzi?" Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka. "Zaka zonsezi ndakhala ndikunena kuti unali ulesi. Ndiye ndisinthe tsiku limenelo, nonse mukuseka? Ndinkati amisiri akafika ndidzawanong'oneza. Munatisamutsa."

"Amayi ankadziwa?"

"Amayi ako ndi telala. Chinthu chodula mwadala ndi chodula molakwitsa amachidziwa."

Mawa lake Madenga analawirira ku ofesi, n'kutsegula nyumba ija. Anagwira m'mphepete mwa denga lakuseri, n'kukoka. Matailosi anachulukana okha, mzere pa mzere, mpaka mamita awiri aja anakwana. Sizinatenge ndi mphindi yomwe. Mtima unayamba kutsika. Ndiye anatenga kachithunzi ka munthu kamene amaimika pafupi ndi nyumba poonetsa msinkhu, n'kukaika pakhomo lakuseri, n'kukayendetsa chotuluka. Denga linakadula pachifuwa.

Malata a bambo ake anali ogona, n'chifukwa chake ankatha kupita patali munthu n'kumadutsabe pansi pake ataimirira. Denga lake iye linali lotsetsereka. Kulitalikitsa kunali kulitsitsira pansi. Anayesa kuligoneka, pulogalamu inafiiritsa matailosi onse kuchenjeza kuti adzadontha. Anayesa kukweza khoma, koma zimenezo zinkafuna kuti denga lonse lisasulidwe. Anayesa uku ndi uku mpaka anzake anayamba kufika, kamunthu kaja kali chiimire, mutu uli kunja kwa denga, thupi lili m'kati.

Njira imene inatsala inali yoika kakhonde ka malata pansi pa matailosi, konga ka anthu ogulitsa makala. Anapita nayo nkhaniyo kwa mayi ake. Anawapeza pabalaza atapinda manja pamiyendo, ndipo aka kanali koyamba kuwaona masana manja ali chete.

"Ayi," anatero mayiwo.

"Amayi, n'kuseri. Palibe angaone."

"Ndiziona ine. Anthu amaima pamsewu kuyang'ana ntchito ya mwana wanga, ndiye iwe uikepo chigamba? Ndasoka zigamba moyo wanga wonse. Ngakhale uchisoke bwanji, chimanena kuti apa panang'ambika."

"Panang'ambikadi, amayi. Ndinalakwitsa ineyo."

"Walakwitsa chiyani? Nyumba sikudonthanso. Bambo ako sakudzukanso kukatchera mabeseni. Komanso masowa atopa, inali nthawi yoti ndipume." Anamuyang'ana, n'kumukonza kolala ya malaya. "Batani ili likugwa. Ukapatse mkazi wako akusokerere."

Mawu amenewo ndi amene anamupweteka kuposa onse. Kale akanamuvula malayawo pomwepo.

Madenga atafika pamenepa anapukuta thukuta pamphumi. Mu ofesi munkatentha, mafani ataima. Mayi wosindikiza mapulani anali atasiya kudzikupiza ndi envulopu imene inali m'manja mwake.

"Nanga kakhondeko simungangomanga iwo atachokapo?" anafunsa.

"Kuwasamutsanso? Ndinachita kale zimenezo kamodzi."

"Ndiye munatani?"

"Ndinayenda nyumba yonse kufuna zenera lowala kwambiri. Ndinalipeza m'chipinda chimene ndinkagona ndili mwana. Ndinatulutsa bedi, ndinachotsa katani, ndinanyamula makinawo ndi bambo, wina uku wina uku, n'kuwaika pazenerapo. Amayi anabwera, anaima pakhomo, anati, 'Pali bwino, mwanawe, zikomo,' n'kubwerera pabalaza. Ine ndinakhala pampando wawo uja kuti ndione ngati palidi bwino. Ndinatenga ulusi, ndinaunyowetsa ndi malovu ngati mmene amachitira. Ngakhale ine wa maso abwinobwino, mayi, unalowa pabowo la singano nditayesa kasanu. Ndinausiya uli pasingano pomwepo, osaphimba makina, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono."